Gadiyani, muuzeni namwino ngati wodwala wanu anagwapo

Achinyamata anzanga a m'makalabu, ambiri mwa ife tinagonapo pansi m'wodi pachipatala cha Dowa, Ntchisi kapena Madisi tikudwazika m'bale. Kuphika phala ndi kuchapa zofunda timatha. Koma zoti wodwala angathe kugwa sitiziganizira, mpaka munthu amene anabwera ndi chifuwa chachikulu atathyoka chiuno popita kuchimbudzi usiku.

Ena amati kugwa ndi tsoka chabe. Ine ndikukana. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akatsegula m'mimba masiku angapo, madzi amatha m'thupi, ndipo akadzuka mwadzidzidzi amachita chizungulire. Palinso akuluakulu amene anayamba ma ARV boma litangoyamba kuwapereka ulere mu 2004. Mankhwala a nthawi imeneyo munali stavudine, yemwe ankaononga mitsempha ya kumapazi. Anasiya kale kumupereka, koma ena dzanzi silinawachoke mpaka lero: amaponda osamva pansi. Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, nayenso amatha kubweretsa dzanzi. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala ayi, koma chouzira adokotala.

Anamwino akhala akufufuza za kugwa kwa odwala. Mu 1989, Janice Morse ali ku Canada anatulutsa mafunso oyezera wodwala amene ali pachiopsezo, ndipo funso loyamba ndi lakuti: kodi anagwapo kale? Ena ndi monga ngati ali pa diripi, mmene akuyendera, ndiponso ngati mutu ukugwira bwino.

Chimene chinandisangalatsa ndi ichi. Ku America, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mabelu olira wodwala akatsika pabedi sanachepetse kugwa. Ku Australia, wa mu 2015 anapeza kuti odwala okalamba amene anaphunzitsidwa mmodzimmodzi za kupewa kugwa anagwa mochepa. Choncho tisamadandaule kuti kuno tilibe makina. Chimene chinathandiza ndi kulankhulana, ndipo pakamwa tili napo.

Vuto ndi lakuti usiku namwino amakhala ndi odwala ambiri, sangaime pabedi lililonse. Amene amaona wodwala akudzandira ndi inu a gadiyani. Ndiye tsiku logonekedwa lomwelo, musadikire kufunsidwa. Nenani kuti bambowa anagwa kubafa sabata yatha, kapena kuti madzulo amasokonezeka mutu. Akuluakulu ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, makamaka pamaso pa ana awo, ndipo amalolera kudzuka okha kusiyana ndi kudzutsa mwana kuti awaperekeze.

Auzeni mwaulemu kuti akudzutseni nthawi ina iliyonse. Akadzuka ayambe akhala kaye pabedi, miyendo ili pansi, asanaimirire. Tochi ikhale pafupi poti magetsi amazima, mapoto ndi ndowa zichoke panjira, ndipo madzi akatayika pasimenti pukutani pomwepo. Akagwa, ngakhale asaoneke bala, musangowabwezera pabedi mwakachetechete. Kaitaneni namwino, makamaka ngati amenyetsa mutu.