ZA CHIWERENGERO CHOSAGAWIKA

Akristu anzathu a kwa Mwadzama ndi a m'mbali monse mwa nyanja, mwezi uno tikambe za masamu.

Asodzi akakocheza ndi chambo 12 agawana popanda mlandu, kaya ali awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi. Koma zikakhala 13, nthawi zonse zina zitsala, pokhapokha atakhala anthu 13, yense yake, kapena mmodzi atenge zonse. Ziwerengero zotere zitchedwa zosagawika: 2, 3, 5, 7, 11, 13, ndi zina. Zaka ngati 300 Ambuye Yesu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria anatsimikiza kuti zilibe malekezero.

Mwa izo uli mtundu wina wotchedwa ndi dzina la wansembe wa Eklezia wathu, Bambo Marin Mersenne wa ku Paris, wa chipani cha Aminimi, amene anamwalira mu 1648. Njira yake ndi iyi: yambani ndi 2, muziwirikiza: 4, 8, 16, 32, tsono chotsani chimodzi: 3, 7, 15, 31. Onani, 3, 7 ndi 31 nzosagawika, koma 15 agawika pa atatu ndi pa asanu. Chotero chiwerengero chilichonse chiyenera kuyesedwa pachokha.

Mu 1644 Bambo Mersenne analemba mndandanda wa zimene anaziyesa zosagawika. Zambiri anakhoza, zina anaphonya. Chimodzi, chotuluka pochulukitsa ma 2 okwanira 67 ndi kuchotsapo chimodzi, Frank Cole anachigawa ku New York mu 1903: ndicho 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287. Pa masamu mawu a munthu wamkulu sakwanira. Chifunika ndi umboni.

Mu October 2024 Luke Durant wa ku America anapeza ndi makompyuta ambiri chosagawika choposa zonse zodziwika kufikira pamenepo, cha 52 cha mtundu wa Mersenne: ma 2 okwanira 136,279,841 ochulukitsana, kuchotsapo chimodzi. Zilembo zake ndi 41,024,320. Munthu wolemba chilembo chimodzi pa sekondi, usana ndi usiku osagona, angatherepo chaka ndi miyezi itatu ndi masiku ena. Komabe, monga anaonetsa Euclid, china choposa icho chilipo, chimene Mulungu achidziwa kale.

Nanga ife? Tiona ana ambiri pa dooko nthawi ya sukulu, alikukoka nawo makoka. Makolo, mwana wosadziwa kugawa ndi kuchulukitsa adzanyengedwa pa sikelo ya mpunga ndi pa mtengo wa usipa masiku onse a moyo wake. Wansembe uja sanayese masamu chinthu chachabe, ifenso tisawapeputse. Tumizani ana ku sukulu.

Madzulo ano patsani ana nyemba 91, muwafunse ngati zigawika mofanana popanda yotsala. Yankho tidzalemba mwezi wa mawa.

Mulungu adalitse mabanja anu.