Ziwerengero za nsomba za ku Mbenji zisafere mu seva

Chaka ndi chaka, mvula ikayamba mu Disembala, asodzi amachoka pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima ndipo sabwererako mpaka Epulo. Lamuloli, lomwe Mfumu Yaikulu Makanjira ndi anthu ake akhala akulisunga kuyambira m'zaka za m'ma 1950, limayendera limodzi ndi ena odziwika bwino: pachilumbapo sipafika mowa, chamba kapena juga. Akafukufuku a ku Mzuzu University ndi University of Strathclyde ya ku Scotland anapeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi wonenepa kuposa wa m'madera oyandikana nawo. Koma kuti tidziwe ngati nsomba zikuchuluka kapena zikuchepa pa zaka 30, kafukufuku wa nyengo imodzi sakwanira. Pamafunika ziwerengero zomwe alembi a Dipatimenti ya Usodzi akhala akulemba m'madoko kuyambira m'ma 1970: mabwato angati, chilimira chakokedwa kangati, sikelo yaonetsa makilogalamu angati. Utaka womwe unayezedwa pagombe la Chikombe zaka 20 zapitazo unadyedwa kalekale, ndipo nambala yake ikatayika palibe angauyezenso.

Masiku ano ziwerengero zotere, pamodzi ndi zithunzi ndi mapu, zimathera mu seva, kompyuta yaikulu ya ofesi, ndipo seva imadzaza. Maganizo anga ndi akuti ofesi iliyonse yosunga zinthu za anthu, kaya ya usodzi, khonsolo kapena chipatala, isaloledwe kusintha madisiki a seva yake isanaonetse kope lina lathunthu, losungidwa m'nyumba ina, lomwe layesedwa n'kuoneka kuti limatseguka. Chifukwa chake chili m'mene ntchitoyi imachitikira. Maseva ambiri amamanga madisiki angapo pamodzi mu njira yotchedwa RAID. Mu RAID 5, disiki imodzi ikafa, madisiki otsalawo amatha kubwezeretsa zomwe zinali pa yakufayo. Ndiye katswiri akafuna malo ochuluka, amazula disiki imodzi yaing'ono, n'kulowetsa yaikulu, n'kudikira kuti seva ilembe zonse pa yatsopanoyo, kenaka yachiwiri, mpaka onse atatha. Malo owonjezerawo amaoneka pokhapokha yomaliza yalowa. Pa maola onse omwe kanyali kachikasu kakuphethira kutsogolo kwa seva, chitetezo palibe. Madisiki akalewo, omwe kawirikawiri anagulidwa tsiku limodzi ndipo akalamba limodzi, amawerengedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza osapuma, ndipo ina ikagonja pamenepo zonse zapita. Kudzaza disiki ya 8 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi kumatenga maola pafupifupi 15, ndipo madisiki anayi ndi maola 60. M'dziko lomwe linataya mamegawati pafupifupi 130 pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuyembekezera magetsi osathima kwa maola 60 ndi kuchita juga ndi katundu wa eni.

Ena anena kuti RAID ndi kope kale, nanga lina n'lachiyani. Ayi. RAID imateteza ku kufa kwa disiki basi. Munthu akafufuta fayilo, molakwitsa kapena mwadala, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo. Mphezi ikalowa mu waya, kapena denga likadontha, zonse zili m'bokosi limodzi. Amalawi izi taziona ndi maso. Pa Cashgate mu 2013, ndalama zinkatuluka kudzera m'makina oyendetsera ndalama za boma otchedwa IFMIS ku Capital Hill, kenaka zolembedwa zake n'kufufutidwa. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo anthu anasowa mtengo wogwira. Pa mavuto ngati awa, kuchuluka kwa madisiki mu seva imodzi sikuthandiza. Chothandiza ndi kope lomwe wakuba kapena wofufuta sangalifikire.

Chodandaula cha ndalama n'chomveka, chifukwa zipangizozi zimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa. Komabe njira yotetezeka siyowonjezera zambiri: madisiki atsopanowo agulidwa kale, ndiye m'malo mowalowetsa imodziimodzi, amangidwe paokha, makamaka mu RAID 6 yomwe imapirira kufa kwa madisiki awiri, zonse zikopedwe, mafayilo afananizidwe, ndipo akalewo atsekeredwe m'kabati kwa miyezi ingapo osafufutidwa. Chowonjezera ndi madisiki awiri akunja, ina yokhala ku ofesi ya ku Salima, ina ku Lilongwe. Mtengo wake sungafanane ndi wa mafuta, malipiro ndi zaka zomwe alembi anathera pamchenga.

Chovuta kwenikweni ndi nthawi. Mabwana safuna kumva kuti seva ithima masiku awiri, ndiye katswiri amakakamizika kugwira ntchitoyi usiku, anthu akulowetsabe zinthu masana, zomwe zimachedwetsa kulembako ndi kutalikitsa nthawi yangozi. Apa a ku Mbenji akutiposa. Iwo amatseka chilumba miyezi inayi, tsiku lotseka ndi lotsegula limalengezedwa pamwambo, ndipo msodzi wochokera kutali amadziwiratu n'kukonzeka. Ofesi nayo ilengeze masiku otseka, jenereta ithiridwe mafuta, batire ya UPS iyesedwe, ndipo mkulu wa ofesi asainire kuti waona ndi maso ake fayilo ya chaka chakale ikutseguka kuchokera pa kope lapaderalo disiki yoyamba isanazulidwe.