Pawabanki ikhale pomwe maso akuona

Popereka katundu pabwalo la ndege masiku ano umafunsidwa ngati m'chikwama muli batire kapena pawabanki. Ambirife timangoti ayi kuti mzere uyende, tisanaganize n'komwe zomwe tidalongedza usiku wathawo.

Lamulo lake limaoneka ngati lazondoka. Batire la lithium lomwe silili m'chipangizo chilichonse, ngakhalenso pawabanki, sililoledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Umayenera kulowa nalo m'manja. Wina angafunse kuti chinthu choti chitha kuyaka, bwanji kuchiika pakati pa anthu? Ine ndimati apa adaganiza bwino. Batire lotere likaphwanyika, likatenthedwa, kapena nsonga zake zikagundana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, limayamba kudzitenthetsa lokha, ndipo moto wake ukazimitsidwa umatha kubukanso. Likakhala momwe muli anthu, wina amamva fungo, wina amaona utsi, ogwira ntchito m'ndege n'kulithira madzi mpaka lizizire. Kunsi kuja kulibe munthu woti athamange ndi madzi.

Pa 28 Januwale 2025 ndege ya Air Busan idagwira moto pabwalo la Gimhae ku South Korea ikukonzeka kupita ku Hong Kong. Anthu onse 176 adatuluka amoyo, koma ndegeyo idaonongekeratu, ndipo ofufuza adaloza pawabanki yomwe idali m'kabati ya pamwamba pa mipando. Pofika Malichi chaka chomwecho dziko la South Korea lidaletsa kuika mapawabanki m'makabatiwo. Singapore Airlines ndi Emirates nawo adaletsa kutchajira foni pa pawabanki m'ndege zawo.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Wopita ku Johannesburg, Dubai kapena China amatumidwa pawabanki, ndipo otumawo safuna yaing'ono. Koma malire alipo, ndipo amawerengedwa mu Wh, pomwe ogulitsa amatinyengerera ndi mAh. Masamu ake ndi osavuta: chulukitsani mAh ndi 3.7, mugawe ndi 1,000. Ya 20,000 mAh ndi 74 Wh, ili pansi pa 100, imadutsa. Ya 30,000 mAh ndi 111 Wh: kuyambira 100 mpaka 160 pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo salola oposa awiri. Chimphona cha 50,000 mAh ndi 185 Wh, chimenecho sichikwera, kaya m'manja kaya kunsi. Ndipo ngati manambala a pa pawabanki adafufutika, musakwiyire wachitetezo akaitenga. Iye sangayeze ndi maso.

Msampha womwe umagwira ngakhale odziwa lamulo uli pakhomo penipeni pa ndege. Makabati akadzaza, ogwira ntchito amatenga zikwama za m'manja n'kuzitsitsira kunsi. Munthu amapereka chikwama mwachangu, anzake akumukankha kumbuyo, kuiwala kuti pawabanki ndi batire la kamera zili m'kathumba kam'mbali. Imani, tsegulani zipi, muzitulutse, a kumbuyowo adikire. Nsonga za batire muzimate ndi tepi, kapena lililonse likhale m'kajumbo kakekake.

Foni ikagwera m'mphako ya mpando, musaweramitse kapena kudzutsa mpandowo poifuna, chifukwa zitsulo zake zitha kuphwanya batire. Itanani ogwira ntchito m'ndege adzaitulutse okha.