Wophunzira ayambire pa 125cc

A Mkonzi,

Mlembi amene ananyoza njinga zamoto zing'onozing'ono m'magazini yapitayi, n'kumati n'zoseweretsa ana, akusocheretsa achinyamata. Kodi anaonapo wophunzira atagwa, chinjinga cha makilogalamu 200 chitamupana mwendo?

Ku Britain, wazaka 17 amene wangomaliza maphunziro oyamba a CBT saloledwa kukwera njinga yoposa 125cc. Chifukwa chake n'chomveka: dzanja losazolowera likapotokola mafuta mwangozi, njinga yaing'ono imapatsa munthu mpata wogwira buleki, pomwe ya 600cc imakamuponya m'ngalande asanaphethire n'komwe.

Mlembiyo akaime pa siteji ya akabaza ku Lilongwe. Kumeneko njinga yaing'ono ya Bajaj Boxer imasenza munthu ndi thumba la chimanga tsiku lonse, mafuta imamwa pang'ono, ndipo ikawonongeka amakanika a m'misika amaikonza tsiku lomwelo.

Wowerenga,
Lilongwe