Za Msonkho ndi Nyumba Zolereramo Ana

Mwezi uno tikambe za amai a ku America amene asandutsa nyumba zao malo olereramo ana a eni ake, makolo ali ku ntchito. Ntchito yotere iyamba kudya ndalama mwana woyamba asanaponde pakhomo: kuilengeza kwa anthu, maphunziro a kasamalidwe ka ana, ndi maulendo.

Tsono lamulo la msonkho la dzikolo, chiyambire 2004, lilola mai kuchotsa ndalama zoyambirazo pa phindu lake, kufikira madola 5,000 m'chaka choyamba, ndipo msonkho auwerengera pa zotsala zokha. Zopitirira muyeso umenewo azichotsa pang'onopang'ono pa miyezi 180, ndiyo zaka 15. Koma ntchito ikafera m'mazira, mwaiwo palibe.

Taonani pagona nkhani: IRS, ndiyo ofesi ya msonkho, sikhulupirira mau a pakamwa, ifuna malisiti. Mai wotaya timapepala ta masiku oyambawo akhoza kudzakhoma msonkho pa ndalama imene inatuluka kale m'thumba mwake. Chifukwa chake tinena: alembe tsiku, mtengo ndi chimene analipira, asanatsegule chitseko. Walira mvula walira matope.