Restart si mankhwala, tsekani zimene munatsegula

Database ikayamba kukana anthu n'kulemba kuti "too many clients already", ambili a ife timathamangila kuzima seva na kuiyatsanso. Zinthu zimayenda, timapuma, mawa vuto n'kubwelanso. Anzathu, uku si kukonza, ni ulesi.

PostgreSQL, ngati simunasinthe, imalola ma connection 100 cabe. Script ya cron imene imatsegula connection pa mphindi 5 zilizonse, n'kuima panjila osatseka, imadzaza malo onsewo maola 9 asanakwane. Ndipo malaiti akazima kumene kuli script, seva ya Linux ingathe maola aŵili ikali kusunga session ya kompyuta yozima.

Tisanazime ciliconse, tiyambe taona mu pg_stat_activity. Mmenemo mumaoneka amene anatsegula session, kumene acokela, na nthawi imene yakhala. Zoipa kwambili ni za "idle in transaction", cifukwa zimagwilila ma lock, anzawo n'kumayembekezela. Zimenezo tizicotsa na pg_terminate_backend, imodzi-imodzi. Restart imadula onse, ngakhale kasitoma amene anali pakati polipila.

Tikamaliza, tibwelele ku script. Ise a Python tidziŵe kuti mu psycopg2, "with" imamaliza transaction koma siitseka connection. Close tifunika kulemba tekha. Script iliyonse ikhale na application_name yake kuti yolakwa izidziŵika, ndipo idle_in_transaction_session_timeout tiicune, isakhale pa 0.

Wina adzati nthawi ilibe. Koma youka pakati pa usiku kukacita restart, timaipeza kuti?