Umodzi wa mpira umathera pa wezulo womaliza

Pa nkhani ya mpira, ife a ku Kafue sitisowa chonena. Patson Daka ndi Enock Mwepu onse adasulidwa ku Kafue Celtic asadapite ku Austria mu 2017, chaka chomwe anyamata athu osapitirira zaka 20 adatenga chikho cha Africa atakwapula Senegal 2-0 pa Heroes Stadium ku Lusaka. Pofika 2021 onse adali ku England, Daka ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Mu Okutobala chaka chomwecho Daka adamwetsa yekha zigoli zinayi ku Moscow, Spartak n'kugona 4-3.

Masewero otere akakhalapo, kalowemoni m'malo oonerera mpira ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe. Pa benchi limodzi mupeza Mtonga, Mbemba, Mlozi ndi wa kum'mawa, ana a anthu omwe adabwera kuno kudzagwira ntchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ndi ya nsalu. Wina wangochokera kumtsinje, fungo la nsomba lili guu, koma chigoli chikalowa amakumbatirana ndi mphunzitsi wovala tayi. Palibe wofunsa mnzake kuti amapemphera kuti, kapena adavotera ndani.

Zimenezi n'zabwino, ndipo sindikuzinyoza. Koma umodzi wa mpira uli ndi mtengo wake: kuti ena avine, ena ayenera kulira. Pa 12 Febuluwale 2012 tidachezera kuvina Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast 8-7 pamapenate ku Libreville, kufupi ndi nyanja yomwe idameza anthu 30 pa ngozi ya ndege ya timu yathu mu 1993. Kwa ife udali usiku wopukuta misozi. Ku Abidjan misozi idali itangoyamba.

Komanso mpira umafuna olimba okhaokha. Mu Okutobala 2022 madokotala adapeza kuti Mwepu ali ndi vuto la mtima la kumtundu, ndipo adapachika nsapato ali ndi zaka 24 zokha. Masewero adapitirira, jezi adavala wina. Nanga anyamata ambirimbiri othamanga opanda nsapato m'mabwalo afumbi kuno, omwe sadzaonedwa ndi wosaka luso aliyense, malo awo ali kuti pa chikondwerero cha mpira chimenechi?

Apa m'pamene chiyembekezo cha Mkhristu chimasiyana ndi umodzi wa mpira. Buku la Chivumbulutso, pa mutu 7, limaonetsa khamu losatheka kuliwerenga, lochokera ku mitundu ndi zilankhulo zonse, litasonkhana pamaso pa Mulungu. Kumeneko kulibe ndime yachipulula, kulibe kuyezedwa mtima ndi dokotala wa timu, kulibe viza. Wa ku Abidjan ndi wa ku Kafue adzakondwera tsiku limodzi, popanda wina kubwerera kwawo atazyolika.

Chondidandaulitsa n'chakuti ife amene timalalikira za khamu limeneli ndife amene sitikulionetsa. Loweruka madzulo tithinane pa benchi limodzi, tsiku lopemphera aliyense kwake: uyu ku tchalitchi cha mtundu wake, uyo ku cha anthu a magalimoto. Pamaliro pomwe timakanganirana kuti kwaya iti iyambe kuimba. Mwini malo oonerera mpira, amene amangofuna kandalama kapakhomo, wakwanitsa kukhazika pamodzi anthu amene abusa akulephera kuwakumanitsa.

Tsono abusa ndi akulu a mpingo a m'tauni muno, musamangodzudzula anyamata kuti mpira wawadya mutu. Pitani mukaone chimene amapeza kumeneko. Ngati tikukhulupiriradi kuti tidzakhala limodzi kwamuyaya, tiyambe kuzolowerana pano: mipingo isinthane maguwa, makwaya aphunzire nyimbo za zilankhulo za anzawo, ndipo wonunkha nsomba uja akabwera, apatsidwe mpando wakutsogolo.